Funsani Aphunzitsi: Ndikufuna nyimbo za classical zothamanga, zogunda pachifuwa

Makalata a mwezi uno akhudza nkhani imodzi. Ndayamba ndi ya mnyamata wa ku Mpondabwino, ndipo ndamuyankha motalikirapo chifukwa mayankho a enawo atsamira pa lakelo.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimameta anthu pafupi ndi msika wa Mpondabwino. Mpira wa Champions League ukamayamba, nyimbo imene amaika osewera atandanda ija imandichititsa tsembwe thupi lonse. Mnzanga wina wa ku Chanco anandiuza kuti mtundu wake ndi classical. Nditafufuza pa YouTube zinangobwera za piyano zogonetsa ana. Ine ndikufuna zothamanga, zamphamvu, zoti sabuufa yanga igwire ntchito. Ndiyambire pati?
Wometa, Mpondabwino

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo sananame. Nyimbo ya mpirayo anaikonza Tony Britten mu 1992, koma anaiumba kuchokera ku nyimbo ya George Frideric Handel yotchedwa Zadok the Priest, ya mu 1727, imene analembera mwambo wolonga ufumu George II ku Westminster Abbey. Nkhani yake ili pa 1 Mafumu 1, pamene wansembe Zadoki ndi mneneri Natani anadzoza Solomoni. Kuyambira chaka chimenecho imayimbidwa nthawi zonse akamalonga mfumu ya ku Britain, ndipo inamvekanso pa mwambo wa Charles III mu 2023.

Yambani ndi imeneyo, ya Handel mwiniwakeyo, muone chimene ikuchiteni. Mavayolini amayamba motsitsa, akungokwera ndi kutsika pa timanoti tomwetomweto. Mphindi imatha, palibe watsegula pakamwa. Mumati basi afika, ayamba tsopano, koma iwo amakhotera kwina n'kutsikanso. Ikakwana pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, kwaya yonse, malipenga ndi ng'oma zimagwa pakamodzi, ndipo tsembwe mukunenalo limabwera pamenepo. Tsono tayesani izi. Bwererani, mudumphe chiyambi chija, muyambire pomwe kwaya ikulowa. Mupeza kuti mawu ndi okoma ndithu, koma thupi silichita kanthu. Mphamvu ija inali m'kudikira kuja. Ndanena izi poyambirira chifukwa pa intaneti padzaza tizidutswa ta masekondi makumi atatu, todulidwa pachimake penipeni pa nyimbo, ndipo amene amazolowera timeneto amatopa nazo nyimbozi msanga. Zonse zimene ndikutchulireni pansipa muzimve kuyambira pomwe gawolo layambira mpaka pomwe lathera.

Tiyambe ndi zifupizifupi, zoti zitha kasitomala mmodzi asanadzuke pampando.

In the Hall of the Mountain King ya Edvard Grieg wa ku Norway, ya mu 1875, sikwana mphindi zitatu. Kanyimbo kake n'kamodzi, kosavuta kuloweza, ndipo kamangobwerezedwa. Kamayamba monyang'ama, m'mabesi, oyimba akukoka nsambo ndi zala. Pobwereza paliponse kamawonjezera liwiro pang'ono ndi mawu pang'ono, moti simudziwa n'komwe pamene kanasiyira kuyenda n'kuyamba kuthamanga. Pomafika kumapeto, orchestra yonse, gulu lalikulu la oyimba ndi zoyimbira zosiyanasiyana, ili pa liwiro la mtondo wadooka.

Yachiwiri ndi ya Antonio Vivaldi, wansembe wa ku Venice amene ankaphunzitsa nyimbo atsikana amasiye pa nyumba yotchedwa Pietà. Mu 1725 anasindikiza nyimbo zinayi za nyengo za pachaka, The Four Seasons. Pa zinayizo funani Summer, gawo lachitatu. Pamodzi ndi nyimboyo panasindikizidwa ndakatulo yofotokoza zimene zikuchitika: mbusa wagwidwa ndi mantha, kumwamba kukugunda, matalala akuthyola ngala za tirigu m'munda. Ife a ku Zomba sitifunika kutiuza zambiri. Mukudziwa mmene imachitira mvula ya mu Disembala, phiri likada bii cha ku Chawe, mphepo n'kuyamba kuweramitsa mabulugama, kenako n'kufika pa malata amayi asanalowetse ufa umene anayanika. Gawo limenelo ndi mvula imeneyo. Chodabwitsa n'chakuti mulibe ng'oma kapena lipenga. Bingu lonselo akulipanga ndi nsambo ndi uta, monga mmene amayimbira kaligo, kungoti ali ambiri ndipo manja akuyenda pamodzi.

Onjezanipo Sabre Dance ya Aram Khachaturian, ya mu 1942, imene imatsogoleredwa ndi xylophone, m'bale wake wa mangolongondo athu, komanso mphindi zitatu zomaliza za William Tell Overture ya Rossini, ya mu 1829, zimene mwina munazimvapo kale osadziwa dzina lake. Anthu adzakuuzaninso za Flight of the Bumblebee ya Rimsky-Korsakov. Imveni kamodzi, n'zoona imathamanga, koma ilibe kumene ikupita. Imaonetsa kufulumira kwa zala za woyimba, ndipo ikatha mtima umakhala pomwe unali. Inu mwapempha zothamanga ndi zamphamvu, ndipo ziwirizi sizikhala pamodzi nthawi zonse.

Khutu likazolowera, pitani kwa Ludwig van Beethoven, ndipo kumeneko mukakhalitse. Anabadwira ku Bonn mu 1770, nagwira ntchito yake ku Vienna, ndipo makutu ake anayamba kugontha asanakwanitse zaka 30. Symphony ndi nyimbo yaitali ya orchestra yogawidwa m'magawo, ndipo yake ya nambala 5 inamveka koyamba pa 22 Disembala 1808. Chiyambi chake dziko lonse limachidziwa, manoti atatu aafupi ndi imodzi yaitali, ta-ta-ta-taaa. Mvetserani mmene gawo loyamba lonse, la mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri, lamangidwira pa kachinthu kameneko. Mavayolini akakasiya, malipenga amakatola. Ngakhale pamene nyimbo yafatsa, mukatchera khutu pansi mumva mabesi akukanong'onabe.

Koma malo amene ine ndimakonda kuposa onse mu symphony imeneyi ali pakati pa gawo lachitatu ndi lachinayi, pamene Beethoven sanaikepo mpumulo. Orchestra yonse imazilala. Kumatsala nsambo zitagwira noti imodzi motsitsa kwambiri, ndi ng'oma ya timpani ikugunda yokha, du, du-du-du, du. Mavayolini amayamba kufufuza njira, kukwera pang'ono, kubwerera, kukweranso, ng'oma ija osasuntha pa noti yake. Kenako m'masekondi ochepa chabe zonse zimatupa, ndipo gawo lachinayi limatseguka ndi malipenga onse, kuphatikizapo matromboni amene akhala phee pampando kuyambira pamene symphony inayambira, kudikira mphindi imeneyi. Ndazimva kwa zaka zambiri ndipo mpaka lero ndikafika pamenepo ndimasiya chimene ndagwira. Choncho musatsitse gawo lachinayi palokha. Funani pamene lachitatu ndi lachinayi zili pamodzi, ndipo mukapeza yoyimbitsa Carlos Kleiber ndi Vienna Philharmonic, yojambulidwa mu 1974, musafunenso ina.

Symphony yake ya nambala 7, imene inamveka koyamba mu 1813, gawo lake lomaliza ndi gule weniweni. Kugunda kwamphamvu anakuika pamalo pamene phazi silikuyembekeza, ndipo amatero mobwerezabwereza mpaka thupi limagonja n'kuyamba kutsatira. Kwa ife amene tinakulira pa ng'oma za manganje ndi tchopa, zimenezi sizachilendo ayi. Apa khutu lanu likhoza kumva msanga kuposa la munthu amene anaphunzira nyimbo papepala pokha.

Pa za malipenga, palibe choposa gawo lachinayi la Symphony ya nambala 9 ya Antonín Dvořák, yotchedwa From the New World, imene inamveka koyamba ku Carnegie Hall mu mzinda wa New York mu Disembala 1893. Limayamba ndi manoti awiri okha m'nsambo, akufulumira pang'onopang'ono, kenako malipenga amalowa ndi nyimbo yoti mukaimva kamodzi muziyimba mluzu tsiku lonse. Dvořák anali wa ku Bohemia, koma ali ku America ankakonda kumvera mnyamata wakuda, Harry Burleigh, akumuyimbira nyimbo zauzimu za akapolo, ndipo ananena poyera kuti oyimba a ku America amange pa nyimbo zimenezo.

1812 Overture ya Tchaikovsky, imene analemba mu 1880 pokumbukira kubwezedwa kwa asilikali a Napoleon ku Russia, ndiyo iyese sabuufa yanuyo. Imatenga mphindi pafupifupi khumi ndi zisanu. Imayamba ndi nyimbo yapemphero ya mpingo wa Orthodox, pakati pali nkhondo, ndipo kumapeto kuli mabelu a tchalitchi ndi mizinga yeniyeni, imene mwiniwake anailemba papepala pamodzi ndi manoti.

Mars, gawo loyamba la The Planets ya Gustav Holst wa ku England, analilemba mu 1914. Silithamanga kwenikweni koma limapanikiza. Mukaona bandi ya asilikali a ku Cobbe Barracks pa perete, kugunda kumayenda pawiripawiri, kumanzere, kumanja, kuti mwendo udziwe poponda. Holst anaika kugunda kasanu. Werengani nokha, imodzi mpaka zisanu, n'kuyambiranso. Ndi perete woti munthu sangagube bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake amasautsa mumtima. Poyambirira a mavayolini amamenya nsambo ndi mtengo wa uta, osati ubweya wake, ndiye kumamveka kugogoda kouma.

Ziwiri zomaliza ndi zowawa, muzisunge mpaka mutayenda ulendo onsewu. Gawo lachiwiri la Symphony ya nambala 10 ya Dmitri Shostakovich limatenga mphindi zinayi zokha, ndipo m'mphindi zinayizo mulibe popumira. Inamveka koyamba ku Leningrad mu Disembala 1953, miyezi ingapo Stalin, wolamulira wankhanza wa Soviet Union, atamwalira, ndipo Shostakovich anali atakhala zaka zambiri ndi mantha pansi pa ulamuliro umenewo. Ambiri amati gawoli likujambula Stalin mwiniwake. Funani kanema wa achinyamata a ku Venezuela a Simón Bolívar Youth Orchestra akuyimbitsidwa ndi Gustavo Dudamel ku chikondwerero cha nyimbo cha BBC Proms ku London mu 2007. Usiku womwewo anayimbanso Danzón No. 2 ya Arturo Márquez wa ku Mexico, kenako Mambo ya Leonard Bernstein atavala majekete a mbendera ya kwawo, akuvina ndi zoyimbira m'manja. Zimenezo makasitomala anu azikonda. Inayo ndi The Rite of Spring ya Igor Stravinsky. Pa 29 Meyi 1913, itayimbidwa koyamba ku Paris, anthu anakuwizana ndi kukangana m'holo mpaka ovina pa siteji sankamva orchestra. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi, nsambo zonse zimayamba kupondaponda pamalo amodzi, kugunda kwamphamvu kukugwera pomwe simukuganizira. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene akuvina mpaka kufa monga nsembe, choncho musayembekeze kuti ikusangalatseni. Ikugwedezani.

Chenjezo la sabuufa. Nyimbo za pa wailesi amazikonza kuti mawu akhale ofanana kukula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Izi ayi. Pofatsa pamafatsiratu, pokweza pamakwezeratu. Mukakweza voliyumu kuti mumve bwino chiyambi cha Grieg, kumapeto mudzang'amba sipika. Pitani kaye pamalo aphokoso, muike voliyumu yoti khutu lipirira, kenako mubwerere poyambira osakhudzanso batani. Ndipo mashini ometera akamalira, zofatsa zonse zimamira. Beethoven ndi Shostakovich muziwamvera mutatseka, mutasesa tsitsi, mutakhala pansi.

FUNSO: Aphunzitsi, ndimayimbitsa kwaya ya mpingo wathu. Tilipo pafupifupi makumi atatu, timawerenga solfa, ndipo tili ndi kiyibodi imodzi. Achinyamata anamva O Fortuna ndi Dies irae ya Verdi, ndiye akukakamira kuti tikayimbe imodzi mwa izi pa chikondwerero cha makwaya. Kodi n'zotheka?
Mayi woyimbitsa kwaya, Matawale

YANKHO: Mayi, achinyamata anuwo ali ndi khutu labwino, musawagwetse ulesi. Koma ziwiri zonsezo ndingakuletseni, pa zifukwa zosiyana.

O Fortuna imamveka ngati ya m'tchalitchi chifukwa ili m'Chilatini, koma si pemphero. Carl Orff anatenga mawu ake mu ndakatulo zakale za zaka za m'ma 1200 zimene zinapezeka ku nyumba ya amonke ya Benediktbeuern ku Bavaria, ndipo nyimbo yonse, Carmina Burana, inamveka koyamba ku Frankfurt mu 1937. Gawo limene achinyamatawo anamva ndi dandaulo kwa Fortuna, mulungu wamkazi wa mwayi, amene amazunguza gudumu, wina kukwera wina kugwa. Magawo ena amakamba za mowa, juga ndi chikondi. Pa guwa siyoyenera. Komanso Orff anamwalira mu 1982, choncho nyimbo zake zikadali ndi eni ake ofunika kuwapempha chilolezo.

Dies irae ya Giuseppe Verdi ndi ya m'tchalitchi ndithu. Ndi gawo la Misa ya maliro imene analembera wolemba mabuku Alessandro Manzoni, ndipo inayimbidwa koyamba m'tchalitchi cha San Marco ku Milan pa 22 Meyi 1874. Ikujambula tsiku la chiweruzo. Orchestra imamenya kanayi, kwaya n'kugwa kuchokera pamwamba ikukuwa, ndipo pobwereza ng'oma yaikulu imayankha pakati pa kumenya kulikonse. Muwasonkhanitse achinyamatawo aimve pamodzi, aphunzirapo zambiri. Koma theka la mphamvu yake lili m'ng'omayo ndi malipenga, ndipo imafuna khamu la oyimba. Anthu makumi atatu ndi kiyibodi adzangosasa mawu.

Zimene mungakwanitse n'kugwedeza nazo holo zilipo. Chiyambi cha Gloria ya Vivaldi n'chachifupi, n'chothamanga, ndipo mawu onse anayi amayendera limodzi, choncho sichivuta kuphunzitsa. Ngati akufunabe Dies irae, apatseni ya mu Requiem ya Mozart, ya mu 1791. Sikwana mphindi ziwiri, ndi ya mawu anayi, ndipo moto wake ndi wokwanira. Mu Messiah ya Handel, imene analemba m'masiku 24 okha mu 1741, muli And the Glory of the Lord ndi Hallelujah, ndipo kwaya ikakhwima mudzayese For unto Us a Child Is Born, imene ili ndi timizere tothamanga tofuna mpweya wautali. The Heavens Are Telling ya Joseph Haydn, ya pa Salimo 19, nayonso imafulumira ndi kukula pomafika kumapeto. Mapepala a nyimbo zakalezi amapezeka ulere pa masamba a pa intaneti a IMSLP ndi CPDL, ngakhale ambiri ali mu staff, kalembedwe ka manoti pa mizere isanu, ndiye padzafunika wina wozitembenuzira mu solfa.

Pophunzitsa, nyimbo yothamanga muziyamba nayo pang'onopang'ono kwambiri. Ine ndimayamba ndi manja, pakamwa pali potseka. Asoprano awombe mzere wawo, abesi awombe wawo, mpaka agwirizane, chifukwa pafupifupi kwaya iliyonse asoprano amathamangira kutsogolo pamene abesi akutsalira. Mawu abwere pambuyo. Ndipo muwaphunzitse kutsitsa. Makwaya athu ambiri amadziwa kukweza, ochepa amadziwa kuyimba motsitsa mawu osafa. Mu Hallelujah muli malo pamene phokoso lonse limaleka, kwaya n'kuyimba mofatsa za ufumu wa dziko lapansi, kenako n'kukwera mwadzidzidzi pa ufumu wa Ambuye wathu. Makwaya ambiri amadutsa pamenepo ndi mawu omwe anayamba nawo. Inu mukatsitsadi, mpaka a kumbuyo kwa holo aweramire kutsogolo kuti amve, mudzakhala mwapeza chimene achinyamata anuwo anamva kwa Verdi.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna, wa Fomu 3, wayamba kukhala ndi mahedifoni m'makutu akumvera zimene mukukambazi. Ine zikundidetsa nkhawa. Kodi si nyimbo za azungu zimenezi? Sataya nazo za kwathu?
Bambo wa ana anayi, Domasi

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa. N'zoona kuti nyimbozi zinakulira ku Ulaya, m'matchalitchi ndi m'nyumba za mafumu, ndipo kuno zinafika ndi amishoni ndi mabandi a asilikali. Koma anthu akuda akhalamo kuyambira kale. Joseph Bologne, wodziwika kuti Chevalier de Saint-Georges, anabadwira ku Guadeloupe mu 1745 kwa mayi amene anali kapolo, ndipo anakhala katswiri wa vayolini ku Paris, nalemba nyimbo zake, natsogolera orchestra imene inayimba koyamba ma symphony asanu ndi limodzi amene Haydn analembera mzindawo. Samuel Coleridge-Taylor, amene bambo ake anali dokotala wa ku Sierra Leone, analemba Ballade in A minor mu 1898, ndipo ngati mwana wanu amakonda zothamanga imeneyo imugwira. Fela Sowande wa ku Nigeria anatsiriza African Suite yake ya mu 1944 ndi gawo lotchedwa Akinla, lomangidwa pa nyimbo ya highlife. Ku Kinshasa kuli Orchestre Symphonique Kimbanguiste, imene Armand Diangienda anayambitsa mu 1994. Poyamba zoyimbira zinali zochepa moti ankabwerekana, zina ankasema okha, ndipo nsambo ikaduka ankamangapo waya wa buleki ya njinga. Anthu amenewo anafika poyimba Symphony ya nambala 9 ya Beethoven.

Chinanso, madzi sanayende mbali imodzi yokha. Steve Reich wa ku America anapita ku Ghana mu 1970 kukaphunzira ng'oma, ndipo atabwerera analemba Drumming. György Ligeti wa ku Hungary, polemba nyimbo zake za piyano zovuta kwambiri kuyambira mu 1985, anaphunzira mmene oyimba a mu Africa amalukira magundidwe osiyana pamodzi, ndipo mwa zimene anawerenga munali zolemba za Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria. Kubik ameneyu ndi yemwe uja anakhala zaka zambiri akugwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, mpaka kumayimba nawo mu bandi ya kwela. Pemphani mwanayo akuikireni L'escalier du diable ya Ligeti. Mudzamva dzanja lamanzere likuwerenga zake, lamanja zake, n'kumakumana patsogolo, ndipo mudzazindikira kuti kaganizidwe kameneko mumakadziwa kuyambira pabwalo la gule.

Ife a chigawo chino tili ndi umboni wathuwathu. Beni anabadwa pamene makolo athu anaonerera perete ndi mabandi a asilikali a atsamunda, natenga zimene anazikonda, naziika pa ng'oma zawo. Lero palibe amene amati beni ndi wa azungu.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti musamulande mahedifoniwo, koma muwonjezere zimene akumva. Kukakhala beni kapena manganje pafupi, mupite naye, ndipo pobwerera mumufunse kuti ng'oma yaikulu imagunda kangati pamene yaing'ono yagunda kangati. Mwana amene waphunzira kutsatira mabesi a Beethoven pansi pa mavayolini ayankha funso limenelo, ndipo ayamba kulemekeza oyimba ng'oma a m'mudzi mwanu kuposa kale. Mungomuchenjeza za voliyumu, chifukwa makutu akawonongeka ndi phokoso sabwerera.

FUNSO: Kodi nyimbo zimenezi zingandithandize powerenga usiku? Mayeso ayandikira.
Wophunzira, Chikanda

YANKHO: Achemwali, zimene ndatchula pamwambazi ayi. Anazilemba kuti zikulandeni maganizo, ndipo zidzaterodi. Mudzapezeka mwawerenga ndime imodzi katatu. Werengani kuli zii. Mukatseka buku, mutu uli wotentha, pamenepo ikani gawo lachitatu la Moonlight Sonata ya Beethoven, ya mu 1801. Anthu ambiri amadziwa gawo loyamba lofatsa lija, osadziwa kuti lachitatu ndi namondwe wa piyano imodzi, manoti akuthamanga kuchokera pansi kukwera pamwamba n'kukathera pa kumenya kuwiri. Ina ndi Revolutionary Étude ya Chopin, ya cha mu 1831, nthawi imene asilikali a Russia anagonjetsa kuukira kwa anthu a kwawo ku Warsaw. Kuthamanga konse kuli kudzanja lamanzere, lamanja likungofuula pamwamba. Zonse ziwiri pamodzi sizikwana mphindi khumi ndi ziwiri.

FUNSO: Mayina a nyimbozi ndi aatali ndipo amasokoneza. Bandulo imatha ndisanapeze chimene ndikufuna. Pali njira yachidule?
Woyendetsa kabaza, Chinamwali

YANKHO: Ilipo, achimwene. Nyimbo zikuluzikuluzi, symphony, concerto ndi sonata, zimagawidwa m'magawo atatu kapena anayi, ndipo kawirikawiri loyamba ndi lomaliza ndiwo othamanga, lachiwiri ndilo lofatsa. Gawo lililonse limakhala ndi mawu a Chitaliyana osonyeza liwiro. Mukaona Allegro, ikuthamanga. Presto ikuthamanga kwambiri. Pakakhala con fuoco, con brio kapena agitato, ndiye zanu zimenezo. Adagio, Largo ndi Andante ndi zofatsa, zidikire tsiku lina. Polemba pofufuzira, ikani dzina la wolemba, mtundu wa nyimbo, nambala yake ndi gawo, mwachitsanzo Dvorak Symphony 9 Allegro con fuoco, kapena Tchaikovsky Symphony 4 finale. Pewani makanema a maola awiri kapena atatu osonkhanitsa nyimbo zambiri, chifukwa ndiwo amadya bandulo ndipo ambiri satchula n'komwe amene akuyimba.

Tsitsani kaonekedwe ka kanema kafike pansi penipeni, poti chimene mukufuna ndi mawu, kupatula wa Dudamel uja amene ayenera kuoneredwa. Mukapeza imene mwaikonda, itsitseni usiku ndi bandulo yotchipa ija muisunge pa memore khadi, ndipo mulembe dzina lake lonse pamodzi ndi la woyimbitsa, chifukwa nyimbo imodzi yomweyo wina amaithamangitsa, wina amaikoka, ndipo mudzafuna kupezanso yomwe inakugwiraniyo. Sipika ya foni imataya mabesi onse, choncho pezani mahedifoni, ngakhale a pamsika.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, popeza ntchito yanu ndi ya pamsewu. Mahedifoniwo asalowe m'makutu njinga ikuyenda. Msewu wa Chinamwali kupita m'tauni uli ndi maminibasi ndi malole, ndipo kumbuyo kwanu kumakhala munthu. Muzimvera muli pa siteji podikira kasitomala. Ya Grieg ndi ya Vivaldi zija zimakwana bwino pa nthawi imeneyo.